AP, IB, dual enrollment kapena CLEP: mwana atenge ziti akadali ku sekondale ku America?

Pakati pa Januwale ndi Malichi, masukulu ambiri a sekondale ku America amapereka mafomu oti ana asankhe maphunziro a chaka chotsatira. Mwana wa giredi 10 amabwera nayo fomuyo kunyumba kuti musayine, ndipo pambali pa maphunziro ena pamakhala zilembo monga AP (Advanced Placement), IB (International Baccalaureate), DE (dual enrollment) kapena AICE (ya Cambridge). Kholo lomwe linakulira pa JCE ndi MSCE limangomva kuti amenewa ndi maphunziro a ku koleji, mwana adzamaliza msanga ndipo fizi idzachepa. Kwa ana ena zimaterodi. Koma alipo ambiri amene amafika ku yunivesite atanyamula makirediti (mapointi omwe koleji imapereka pa phunziro lililonse lomwe munthu wakhoza) 20 kapena 30, n'kukhalabe zaka zinayi zathunthu, fizi n'kulipidwa yonse.

Nkhani yagona pa koleji yomwe mwanayo adzalowe. Sukulu ya sekondale ingalonjeze zambiri, koma woti awerenge kapena kutaya makirediti aja ndi koleji yolandirayo. Choncho kusankha kwabwino kumayambira kumapeto: mwana akulowera kuti, akaphunzira chiyani, kenako n'kubwerera m'mbuyo kufika pa fomu ija.

Miyeso yake

Digiri yoyamba ku America nthawi zambiri imafuna makirediti 120. Phunziro limodzi la semesita imodzi limapereka makirediti 3, ndipo la sayansi lokhala ndi labu limapereka 4. Wotenga makirediti 15 pa semesita amamaliza m'masemesita 8. Dipuloma ya zaka ziwiri ya pa community college (koleji ya boma ya m'dera), yotchedwa associate degree, ndi makirediti 60.

Muyeso woyamba ndi ntchito yomwe kirediti idzagwire. Koleji ikati yalandira phunziro, mawu amenewo angatanthauze zinthu zitatu zosiyana. Ingaliwerenge m'malo mwa phunziro lofunika pa digiri ya mwanayo, ndipo apa ndiye pali phindu lenileni. Ingaliwerenge ngati phunziro longodzazira nambala, lomwe limaoneka pa transcript (chikalata cha maphunziro ndi magiredi a mwana) koma silichotsa chilichonse pa mndandanda wa zomwe mwana ayenera kuphunzira. Kapena ingangomulola kudumpha kalasi yoyambira n'kuyambira yapamwamba, popanda kumupatsa kirediti. Dartmouth College, mwachitsanzo, inasiya kuwerengera AP pa makirediti omalizira digiri kuyambira ndi ophunzira omwe analowa mu 2014.

Wachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndi pomwe makolo ambiri amapusitsika ndi masamu ooneka osavuta. Malinga ndi College Board, bungwe loyendetsa mayeso a AP, m'chaka cha 2024–25 fizi ya pachaka pa yunivesite ya boma, kwa wokhala m'chigawo chomwecho, inali pafupifupi $11,610. Pa community college $4,050. Pa yunivesite yomwe si ya boma $43,350. Mukagawa $11,610 ndi makirediti 30, phunziro limodzi la makirediti 3 likufika pafupifupi $1,160. Ndiye munthu amati mayeso a AP a $99 apulumutsa $1,160. Vuto n'lakuti mayunivesite ambiri salipiritsa pa kirediti iliyonse. Amatchula mtengo umodzi kwa aliyense wotenga makirediti 12 mpaka 18 pa semesita. Kumalo otere ndalama imapulumuka pokhapokha semesita yathunthu itachoka.

Ndipo semesita sichoka chifukwa cha kuchuluka kwa makirediti okha. Taganizirani mwana wofuna uinjiniya amene wabwera ndi makirediti 18 a US History, Psychology, Human Geography ndi English. Maphunziro a uinjiniya ndi unyolo: Calculus I ndiye II, II ndiye III, kenako differential equations, ndipo maphunziro a chaka chachitatu satheka popanda amenewa. Makirediti ake 18 amupeputsira katundu pa semesita iliyonse, zomwe si zazing'ono, koma unyolo uja sunafupike. Mnzake wobwera ndi makirediti 8 okha a Calculus BC (phunziro la AP lophatikiza Calculus I ndi II) wadula mphete ziwiri.

Wachitatu: giredi imakatsala kuti? M'njira zina kirediti imachokera pa mayeso, ndipo mwana akalakwa amataya ndalama ya mayesoyo basi. M'njira ina giredi imalembedwa pa transcript ya koleji n'kumamutsatira mpaka kalekale.

Wachinayi ndi mwayi wolowera ku koleji. Makoleji ovuta kulowa amayang'ana ngati mwana anatenga maphunziro olimba omwe sukulu yake inali nawo, ngakhale pomwe iwo eni sakupereka kirediti. Masukulu ambiri amawonjezeranso mapointi pa GPA (avareji ya magiredi a mwana), moti A wa m'kalasi ya AP amawerengedwa 5.0 m'malo mwa 4.0.

Wotsiriza ndi mwana mwini wake: amagona maola angati, amagwira ganyu madzulo kapena ayi, Chingerezi chake cholemba chafika pati.

Advanced Placement

AP imayendetsedwa ndi College Board kuyambira m'ma 1950. Mwana amaphunzira chaka chonse pa sukulu yake yomweyo, ndi mphunzitsi wa pomwepo, n'kulemba mayeso amodzi mu Meyi. Zotsatira zimatuluka mu Julayi, kuyambira 1 mpaka 5. Samalani, kuno 5 ndiye wapamwamba, mosiyana ndi MSCE komwe timasangalalira 1.

*Mtengo.* Kalasi yake pa sukulu ya boma ndi yaulere. Mu 2025 mayeso amodzi anali $99 ku America ndi $129 kunja. Ana a m'mabanja opeza movutikira amachotseredwa, n'kutsala pafupifupi $53, ndipo zigawo zina zimalipirira yotsalayo. Sukulu imayitanitsa mayeso pofika pakati pa Novembala. Wochedwa kulembetsa amawonjezera $40, ndipo wosintha maganizo pambuyo pake amalipiranso $40. Kutumiza zotsatira ku koleji imodzi n'kwaulere ngati mwasankha tsiku loikika mu Juni lisanadutse.

*Kupezeka.* Pa njira zonse za mayeso, iyi ndi yofala kwambiri. Maphunziro alipo pafupifupi 40, koma sukulu yaikulu ya m'tauni ingakhale ndi 20 pomwe yaing'ono ya kumudzi ili ndi atatu. Mwana angathe kulemba mayeso osatenga kalasi yake, bola apeze sukulu yovomera kumulembetsa, ndipo kufufuzako kuyambe mu Seputembala.

*Ntchito yake.* Kuwerenga ndi kulemba tsiku ndi tsiku, ndipo maphunziro ena amapereka ntchito ya pa holide chaka chisanayambe. Kuyambira 2025 mayeso ambiri amalembedwa pa kompyuta kudzera mu pulogalamu ya Bluebook, choncho mwana azolowere kulemba nkhani yaitali pa kiyibodi nthawi ikuthamanga. Funso lothandiza kufunsa mlangizi wa pasukulu ndi ili: chaka chatha ana angati a m'kalasi imeneyi analemba mayeso, ndipo angati anapeza 3 kupita m'mwamba? Kalasi yomwe ana ambiri amapeza A koma pa mayeso n'kupeza 2 ikukuuzani zambiri za kaphunzitsidwe kake.

*Poterera.* Chaka chonse chimapachikika pa maola awiri kapena atatu a tsiku limodzi. Makoleji ambiri amalandira 3, koma ovuta kulowa amafuna 4 kapena 5. Ku Indiana, Texas ndi Illinois kuli malamulo oti mayunivesite a boma azipereka kirediti pa 3, komabe kirediti imeneyo ingakhale yongodzazira nambala ija. Dzina la phunziro nalonso limapusitsa. AP Physics 1 imagwiritsa ntchito algebra, pomwe uinjiniya umafuna fizikisi ya calculus, yomwe ndi Physics C. Masukulu ena a udokotala salandira AP m'malo mwa chemistry kapena biology ya ku koleji, kapena amafuna kuona phunziro lapamwamba pamwamba pake. Ndipo mwana amene wadumpha Calculus I ndi 3 wopeza movutikira amakakumana ndi Calculus II m'semesita yake yoyamba, ali kutali ndi kwawo. Nthawi zina ndi nzeru kukana kirediti n'kubwereza phunzirolo.

Pali chizolowezi chodzaza ma AP asanu kapena asanu ndi limodzi m'chaka chimodzi chifukwa anzake atero. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ma AP atatu okhoza bwino amalemera kuposa asanu ndi limodzi a magiredi osakanikirana.

Dual enrollment

Apa mwana amalembetsa pa koleji yeniyeni, nthawi zambiri community college, akadali ku sekondale, ndipo phunziro limodzi limawerengedwa mbali zonse ziwiri. M'zigawo zina amati dual credit kapena concurrent enrollment. Njirayi yakula kwambiri: m'chaka cha 2022–23 ana a sekondale pafupifupi 2.5 miliyoni anatenga maphunziro otere. Imabwera m'mitundu itatu: pa sukulu ya sekondale pomwepo ndi mphunzitsi wovomerezedwa ndi koleji, pa kampasi ya koleji pamodzi ndi akuluakulu, kapena pa intaneti. Kusiyana kumeneku kudzakhala nkhani mtsogolo, musakuiwale.

*Mtengo.* Zimatengera chigawo chomwe mukukhala, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Minnesota inayamba mu 1985 ndi PSEO, yomwe imalipira fizi ndi mabuku. Running Start ya ku Washington, ya 1990, imalipira fizi ya ana a giredi 11 ndi 12, koma mabuku, ndalama zing'onozing'ono za pa koleji ndi mayendedwe ndi zanu. College Credit Plus ya ku Ohio, ya 2015, imayambira giredi 7 ndipo imalola makirediti 30 pa chaka kwaulere pa makoleji a boma. Georgia inaika malire a makirediti 30 olipiridwa ndi boma mu 2020. Ku Indiana, komwe kuli a Malawi ambiri makamaka ku South Bend, maphunziro a Ivy Tech, community college ya chigawochi, ophunzitsidwa m'masukulu a sekondale salipiritsa. M'zigawo zina kholo limalipira gawo kapena zonse. Dziwaninso kuti mwana amene adakali ku sekondale salandira Pell Grant, thandizo la fizi lochokera ku boma la America, choncho zomwe boma la chigawo sililipira zimatuluka m'thumba mwanu. Ngati banja langosamukira kumene, funsani ngati mwana akuwerengedwa kuti ndi wokhala m'chigawomo, chifukwa mtengo umasintha.

*Kupezeka.* Kumadera akumidzi komwe AP ndi yochepa, iyi ndi yomwe imapezeka. Polowera pamakhala GPA ndi mayeso oyeza kukonzeka, monga Accuplacer, kapena TSIA2 ku Texas. Ku Florida amafuna GPA ya 3.0 pa maphunziro a digiri ndi 2.0 pa a ntchito zamanja. Ubwino wina womwe AP ilibe ndi maphunziro a ntchito: kuwotcherera, zamagetsi, zamakompyuta, satifiketi ya CNA (wothandizira anamwino) kwa wofuna unamwino.

*Ntchito yake.* Phunziro limatha m'masabata pafupifupi 15, osati chaka. Kalendala ya koleji ndi ya sekondale sizigwirizana, moti holide ya sukulu ingagwere sabata ya mayeso a koleji. Wophunzitsa ku koleji sathamangitsa mwana kuti apereke ntchito ndipo sayimbira kholo. Pansi pa lamulo la FERPA, mwana akalembetsa pa koleji zikalata zake za kumeneko zimakhala m'manja mwake ngakhale ali ndi zaka 16, choncho ngati mukufuna kuona magiredi, asayine fomu yokulolani sabata yoyamba yomweyo. Mwana amene amalandira thandizo lapadera kudzera mu IEP (dongosolo la pasukulu la mwana wa zosowa zapadera) akalembetse yekha ku ofesi ya koleji yoona za olumala, chifukwa dongosolo la ku sekondale silimutsatira lokha. Sungani syllabus ya phunziro lililonse. Yunivesite ikamakayikira kirediti, ndi pepala limenelo lomwe imapempha. Pomaliza sekondale, transcript ya kolejiyo muyenera kuyitanitsa nokha kuti itumizidwe. Ana ambiri amataya makirediti chifukwa chongoiwala zimenezi.

*Poterera.* Giredi ndi yosafufutika. D kapena F wa ali ndi zaka 16 amakhala pa transcript ya koleji. Thandizo la ndalama la boma limafuna kuti wophunzira asunge GPA ya 2.0 ndi kumaliza pafupifupi 67 peresenti ya makirediti omwe wayesa, ndipo pa koleji yomweyo maphunziro a dual enrollment amawerengedwa nawo. Mwana amene anayesa maphunziro atatu, n'kulephera limodzi ndi kusiya lina, wamaliza limodzi mwa atatu, ndipo angayambe chaka choyamba ali kale pa chenjezo. Wofunsira malo ku sukulu ya udokotala kudzera mu AMCAS ayenera kulemba phunziro lililonse la koleji lomwe anatengapo, kuphatikizapo a ku sekondale, ndipo magiredi ake amalowa mu GPA. Kwa wofuna unamwino nkhani ndi yomweyo: malo amapikisanirana pa magiredi a Anatomy and Physiology ndi ena otero, mapulogalamu ena amaika malire pa kubwereza, enanso salandira sayansi yomwe yapitirira zaka zingapo. C wopeza msanga angatseke khomo lomwe A wopeza mochedwa akanatsegula.

Lembani pa kalendala tsiku lomaliza kusiya phunziro. Wosiya tsikulo lisanafike amapeza W, yemwe sakhudza GPA. Wongosiya kupita m'kalasi osalemba fomu amapeza F. Ku Ohio sukulu ili ndi ufulu wofuna kuti banja libweze ndalama mwana akalephera kapena akasiya mochedwa, kupatula mabanja osauka.

Kenako kusamutsa. M'chigawo chomwecho, kupita ku yunivesite ya boma, zinthu zimayenda bwino chifukwa pali mapangano: Indiana College Core ndi mtolo wa makirediti 30 womwe mayunivesite a boma a ku Indiana amalandira wathunthu, Ohio ili ndi Ohio Transfer 36, Texas ndi Florida zili ndi manambala ofanana a maphunziro. Mukadutsa malire a chigawo, kapena kupita ku yunivesite yomwe si ya boma, lonjezo palibe. Nthawi zambiri amafuna C kupita m'mwamba, ndipo makoleji ena ovuta kulowa salandira phunziro lomwe linaphunzitsidwira pa sukulu ya sekondale kapena lomwe linawerengedwa kale pa satifiketi ya sekondale. Lipoti la ofesi ya boma ya GAO la 2017 linapeza kuti ophunzira osamuka koleji ankataya pafupifupi 43 peresenti ya makirediti awo. Linkanena za osamuka onse, osati ana a sekondale okha, koma khomo lomwe makirediti amathothokera ndi lomwelo.

Early college high school

Iyi ndi dual enrollment yokonzedwa ngati sukulu yathunthu, yoti mwana amalize sekondale ali ndi associate degree kapena makirediti oyandikira 60. Bard High School Early College inatsegulidwa ku New York mu 2001, ndipo P-TECH ya ku Brooklyn, ya zaka zisanu ndi chimodzi, inayamba mu 2011 mogwirizana ndi IBM.

*Mtengo:* kawirikawiri palibe fizi, mabuku omwe. *Kupezeka:* masukulu ake ndi ochepa, amalowera giredi 9, ndipo ofuna akachuluka ena amachita maere, choncho fomu imalembedwa mwana ali giredi 8. *Ntchito yake:* alangizi amamutsata pafupi kuposa wa dual enrollment wamba, koma masewera ndi magulu a pasukulu amachepa. *Poterera:* mwana wa zaka 18 wolowa yunivesite ngati wa chaka chachitatu ayenera kusankha digiri nthawi yomweyo, ndipo akasintha maganizo, ambiri mwa makirediti aja amasanduka odzazira.

International Baccalaureate

IB inakhazikitsidwa ku Geneva mu 1968. Dipuloma yake ndi ya zaka ziwiri, giredi 11 ndi 12, ndipo ndi mtolo umodzi: maphunziro asanu ndi limodzi, atatu kapena anayi pa Higher Level ya maola 240, otsalawo pa Standard Level ya maola 150. Lililonse limapereka mapointi 1 mpaka 7. Pamwamba pake pali Theory of Knowledge, nkhani ya kafukufuku ya mawu 4,000, ndi ntchito za luso, zolimbitsa thupi ndi zothandiza anthu zotchedwa CAS. Mapointi onse ndi 45, ndipo dipuloma imayambira pa 24.

*Mtengo.* Mayeso a phunziro lililonse amapitirira $100, choncho dipuloma yonse imafika madola mazana angapo. Masukulu ambiri a boma ku America amalipira gawo kapena zonse. Kwathu kuno nkhani ndi ina: ku Lilongwe IB imapezeka pa Bishop Mackenzie International School, ndipo mtengo wake weniweni ndi fizi ya sukuluyo.

*Kupezeka.* Sukulu iyenera kuvomerezedwa ndi bungwe la IB, ndipo zotere n'zochepa kuyerekeza ndi za AP. Mwana sangalembe mayeso payekha. Masukulu ena amalola kutenga phunziro limodzi kapena awiri popanda dipuloma yonse.

*Ntchito yake.* Pa njira zonse, yolemetsa ndi imeneyi. Kupatula mayeso a Meyi, phunziro lililonse lili ndi ntchito yoyesedwa pa sukulu, ndipo masiku operekera amaunjikana m'miyezi yoyamba ya giredi 12, nthawi yomweyo yolemba mafomu a koleji. Mwana sangathawe phunziro lomwe salikonda: masamu, sayansi ndi chilankhulo chachiwiri zonse ziyenera kukhalapo. Chomwe amatulukamo nacho ndi luso lolemba ndi kufufuza, ndipo pa zimenezi IB imaposa zinzake.

*Poterera.* Makoleji ambiri a ku America amapereka kirediti pa Higher Level yokha, pa 5, 6 kapena 7, moti zaka ziwiri za thukuta zingabale makirediti ochepa kuposa ma AP anayi. Texas ndi yosiyana: lamulo limati mayunivesite a boma apereke makirediti osachepera 24 kwa wa dipuloma, bola wapeza 4 kupita m'mwamba pa mayeso ake. Dipuloma ingathenso kuphonyeka ngakhale mapointi akwana 24, mwachitsanzo ngati a Higher Level sanafike 12 kapena nkhani ya kafukufuku yapeza E. Ndipo banja losamuka chifukwa cha ntchito lisamale: kuchoka pakati pa zaka ziwirizi kumafuna sukulu ina ya IB yokhala ndi maphunziro omwewo, chinthu chosowa.

Cambridge AS ndi A Level

Ambiri timaidziwa kudzera ku Kamuzu Academy ndi St Andrew's ku Blantyre. Ku America imadziwika ndi dzina la AICE ndipo yafala kwambiri ku Florida.

*Mtengo:* m'masukulu a boma a ku Florida mayeso nthawi zambiri amalipiridwa ndi sukulu. *Kupezeka:* kunja kwa Florida masukulu ake ndi apo ndi apo. *Ntchito yake:* dipuloma ya AICE imafuna makirediti 7 ake, AS kukhala imodzi ndi A Level ziwiri, kuphatikizapo Global Perspectives, zonse m'miyezi 25. Mwana ali ndi ufulu wosankha kuposa wa IB. *Poterera:* mphamvu yake yaikulu ndi yoti dipulomayi, pamodzi ndi maola ofunika a ntchito, imatsegula sikolashipu ya Bright Futures popanda kudalira SAT (mayeso olowera ku koleji), koma sikolashipuyo imagwira ntchito ku Florida kokha. Kwina, A Level yathunthu imalemekezedwa, pomwe AS yokha makoleji ena saiwerenga.

CLEP

Awa ndi mayeso okha, opanda kalasi, nawonso a College Board. Alipo 34, ambiri a mphindi 90, malikisi 20 mpaka 80, ndipo 50 ndi yomwe makoleji ambiri amayambira kuwerenga.

*Mtengo:* pang'ono kuchepera $100, ndipo ndalama ya malo olembera ndi yapadera. Bungwe la Modern States limaphunzitsa kwaulere pa intaneti ndi kupereka vocha yolipirira mayesowo. *Kupezeka:* chaka chonse, ndipo wolakwa amabwereza pakatha miyezi itatu. Pa zilankhulo pali French, German ndi Spanish. Chichewa palibe, koma mwana amene anaphunzira French bwino kwathu ali ndi makirediti ongodikira kutola. *Ntchito yake:* kudziwerengera wekha. *Poterera:* sathandiza pa GPA kapena pofunsira malo, makoleji ovuta kulowa ambiri sawalandira, ndipo ena amaika malire a makirediti omwe angachokere ku mayeso. Njira yochenjera ndi yoti mwana amene wapeza 2 pa AP alembe CLEP ya phunziro lofanana nalo mutu udakali wotentha, ngati koleji yake imailandira.

Ndani atenge iti

Musanasayine, lembani makoleji atatu kapena anayi omwe mwana angapitedi, kuphatikizapo yunivesite ya boma ya m'chigawo chanu. Pa webusayiti ya iliyonse pali tebulo la zomwe imapereka pa AP, IB ndi CLEP. Pa dual enrollment gwiritsani ntchito webusayiti ya Transferology kapena lemberani ofesi ya registrar. Ikani tebulolo pambali pa mndandanda wa maphunziro a digiri yomwe mwana akufuna, n'kuchonga okhawo omwe akuchotsadi phunziro lofunika.

Ngati ndalama ndi yomwe ikuvuta ndipo mwana adzaphunzira pa yunivesite ya boma m'chigawo chomwecho, dual enrollment ndiyo yopindulitsa. Atenge mtolo wovomerezeka, monga Indiana College Core, osati kutola maphunziro mwachisawawa. Ayambe ndi limodzi, English Composition kapena College Algebra, muone m'mene wayendera.

Ngati akuyang'ana makoleji ovuta kulowa kapena a m'zigawo zina, AP kapena IB. Pamenepo kirediti muiwerenge ngati basera. Chomwe mukugula ndi umboni woti mwana amatha zolimba.

Wofuna uinjiniya kapena sayansi ya makompyuta alimbane ndi masamu: Calculus BC, Physics C, ndipo akamaliza masamu a pasukulu pake apitirize pa koleji yapafupi. Wofuna udokotala atenge AP ya sayansi ngati kukonzekera, koma asathamangire sayansi ya dual enrollment pokhapokha ngati A ali m'manja. Wofuna unamwino kapena ntchito yamanja apindula ndi CNA kapena satifiketi ya ntchito kudzera mu dual enrollment, bola mufunse pulogalamu ya unamwinoyo malamulo ake a magiredi musanalembetse Anatomy.

Banja lomwe likuganiza zosamukira ku Britain, kubwerera kumudzi kapena kutumiza mwana ku South Africa liyang'ane IB kapena A Level, zomwe zimadziwika m'maiko ambiri. Ku Britain mayesowa ndi chiphaso cholowera, safupikitsa digiri. Oxford imafuna mapointi a IB 38 mpaka 40 malinga ndi phunziro. Mayunivesite a kumeneko amalandiranso AP kwa ochokera ku America, koma makirediti a community college sadziwika bwino. Mwana wochokera ku Malawi ndi A Level kapena IB popita ku America atumize zotsatira zake zovomerezeka ku ofesi ya registrar, chifukwa makoleji ambiri amapereka makirediti pa zimenezi koma sakumbutsa.

Wokhala ku Florida amene adzaphunzira konko, AICE kapena IB chifukwa cha Bright Futures.

Mwana amene wangofika kumene ku America, chaka choyamba achisiye chikhale chozolowera kalembedwe ndi kaphunzitsidwe ka kumeneko. Ngati masamu ake ali bwino, AP imodzi ya masamu ndi poyambira pabwino chifukwa sidalira kwambiri Chingerezi ndipo kulakwa mayeso ake sikusiya chipsera pa transcript ya koleji. Amene amagwira ntchito maola ambiri madzulo, kapena amalera azing'ono ake makolo ali pa shifiti, atenge phunziro limodzi pa semesita, lophunzitsidwira pa sukulu pomwepo kuti asavutike ndi mayendedwe, kenako CLEP pa holide. Ndipo ngati mwana akufuna kupuma chaka atamaliza giredi 12, asalembetse phunziro lililonse la koleji m'chaka chimenecho asanafunse, chifukwa mayunivesite ambiri amayamba kumuona ngati wosamuka, ndipo masikolashipu a olowa chaka choyamba amamudutsa.